Kuteteza Nyumba ku Madzi a Mvula Otsika ndi Njira Yolowera Pakhomo

M'madera a mapiri ndi zitunda monga Dedza, Ntcheu, Ntchisi, Thyolo, Chiradzulu ndi Rumphi, makomo ambiri ali kumunsi kwa msewu. Njira yochokera kumsewu imatsetsereka mpaka pabwalo, ndipo mvula ikagwa njirayo imasanduka ngalande. Madzi amafika pakhomo ali ndi liwiro, atanyamula mchenga ndi zinyalala. Amadya khonde, kunyowetsa maziko, kulowa m'khola ndi pansi pa nkhokwe, ndipo nthawi zina amadzaza chimbudzi mpaka kugwa. Nyumba ya zidina kapena ya njerwa zomangira dothi siichedwa kung'aluka m'munsi mwa chipupa mukanyowa masiku angapo otsatizana. Tsamba lino likufotokoza momwe mlimi angapatutsire madziwa pogwiritsa ntchito khasu, miyala ndi udzu wa vetiva, komanso komwe angawapititse kuti apindule nawo.

Kuchuluka kwa madzi otsika ndi njira

Nthaka ya panjira ndi yogogomezeka chifukwa cha mapazi a anthu, ziweto, njinga ndi ngolo. Madzi salowa pansi monga amachitira m'munda. Gawo lalikulu la mvula yogwa panjira limathamanga pamwamba, ndipo mateyala a ngolo amasiya tingalande tiwiri tomwe madzi amatsata.

Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, imapereka lita imodzi ya madzi. Tiyerekeze njira ya mamita 50 mulitali ndi mamita 3 mulifupi. Mvula ya mamilimita 30, yomwe si yachilendo mu Januwale kapena Febuluwale, imathira malita 4,500 panjira imeneyi. Amenewa ndi madzi odzaza migolo yoposa 22 ya malita 200. Denga la malata la mamita 10 ndi mamita 6 limawonjezera malita 1,800 pa mvula yomweyo. Apa sitinawerengere madzi ochokera mumsewu ndi m'minda ya kumtunda, omwe kawirikawiri ndi amene amachuluka.

Chimene chimawononga kwambiri ndi liwiro. Madzi akawirikiza kawiri liwiro lake, mphamvu yake imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake njira yaitali yopanda chopatutsa madzi imakumbika kwambiri kumunsi, kufupi ndi nyumba, osati kumtunda komwe madzi ayambira.

Kusesa nako kumathandizira vutoli, ngakhale ambiri sakuganizira. Bwalo losesedwa m'mawa uliwonse limataya dothi pang'onopang'ono, ndipo pakatha zaka limatsika kuposa njira, n'kukhala ngati beseni lolandira madzi. Yang'anani maziko a nyumba yakale kapena mizu ya mango apabwalo: ngati zili poyera, bwalo lanu latsika.

Yambani mwaona momwe madzi amayendera

Musakumbe chilichonse musanaone madzi akuyenda. Mvula yamphamvu ikamagwa popanda ziphaliwali, kapena ikangokata, yendani kuchokera pakhomo kukwera mpaka kumsewu. Khomani zikhomo pamalo pomwe madzi akulowera m'njira, pomwe akukumba, ndi pomwe akusiya mchenga. Pomwe pali mchenga ndi pomwe madzi amachepetsa liwiro. Ngati muli m'chilimwe, zizindikiro zimakhalapobe: timigwembe, zinyalala zokodwa pa udzu, ndi mzere wa matope pachipupa.

Kenako yezani kutsetsereka kwa njira. Gwiritsani ntchito levulo ya chingwe yomwe mumadulira akalozera. Tengani ndodo ziwiri zowongoka za mamita awiri ndi chingwe cha mamita 10. Lembani chizindikiro pa ndodo zonse pa msinkhu wofanana, monga masentimita 50 kuchokera pansi, ndipo mangani chingwe pamenepo. Wina aime kumtunda, wina kumunsi, wachitatu aone levulo pakati pa chingwe. Wakumunsi akweze chingwe pa ndodo yake mpaka kathovu ka levulo kakhale pakati. Yezani kutalika komwe chingwe chakwera kuchokera pa chizindikiro chija. Masentimita 10 alionse ndi peresenti imodzi ya kutsetsereka. Chingwe chikakwera masentimita 50, njira yatsetsereka ndi maperesenti 5. Chikakwera mita imodzi, ndi maperesenti 10. Ngati levulo palibe, bwerekani kwa mlangizi kapena mlimi wotsogolera. Paipi yoonekera mkati yothira madzi, yomwe amisiri omanga nyumba amagwiritsa ntchito, imagwiranso ntchito yomweyi.

Kupatutsa madzi asanasonkhane

Ntchito iyambire kumtunda. Alimi ambiri amayamba ndi kuunjika matumba a mchenga pakhomo, koma pamenepo madzi amakhala atachuluka kale, ndipo amangozungulira matumbawo n'kukalowera kuseri kwa nyumba.

Malo oyamba ndi pomwe njira yanu ikuchokera mumsewu. Pamenepa pangani mtumbira wopingasa njira, wonga hampu, wokwera masentimita 15 mpaka 20 ndi wotambalala bwino kuti njinga ndi ngolo zizidutsa. Ntchito yake ndi yoti madzi a mumsewu apitirire m'ngalande ya msewu, asakhotere kwanu. Mtumbirawu ukhale mbali ya malo anu. Musatseke kapena kukwirira ngalande ya msewu, ndipo musakumbe mumsewu wa boma popanda chilolezo cha khonsolo kapena a Roads Authority. Ngalande ya msewu ikatsekedwa kuti ngolo izidutsa bwino, madzi onse a mumsewu amapeza njira yanu.

Chachiwiri ndi kaumbidwe ka njira. Njira yabwino imakhala yotumphuka pakati ngati msana wa ng'ombe, kuti madzi azitsikira m'mbali msanga. Pa njira ya mamita 3 mulifupi, pakati pakwere ndi masentimita 8 mpaka 10 kuposa m'mbali. Dothi lake lichokere m'ngalande za m'mbali, ndipo lisinjidwe lili lachinyezi. Ngati njira ikudutsa m'mbali mwa chitunda, ndi bwino kuipendeketsa yonse pang'ono kumbali imodzi, yomwe kulibe nyumba, khola kapena chimbudzi. Kwirirani tingalande ta mateyala ndi miyala ing'onoing'ono kapena zidutswa za njerwa zowotcha. Dothi lokha limakokoloka ndi mvula yoyamba.

Chachitatu, chomwe chimathandiza kuposa zonse poyerekeza ndi ntchito yake, ndi mitumbira yopatutsa madzi m'njira monsemo. Uliwonse umakhala ndi kangalande kosaya kumtunda kwake, ndipo dothi lokumbidwa limaunjikidwa kumunsi. Usapingase njira molunjika. Ukhale mopendekera, mbali imodzi itatsikirako kumunsi, kuti madzi aziyenda okha kupita kunja kwa njira. Pa njira ya mamita 3, mbali yotulukira madzi ikhale kumunsi ndi mita imodzi ndi theka poyerekeza ndi mbali inayo. Mtumbira wolunjika umagwira madzi ndi mchenga, umadzaza, kenako madzi amalumpha.

Kutalikirana kwa mitumbira kumatengera kutsetsereka. Pa maperesenti 5, italikirane pafupifupi mamita 40. Pa maperesenti 10, mamita 25. Pa maperesenti 15, mamita 18, ndipo pa maperesenti 20, mamita 14. Pa nthaka ya mchenga yosachedwa kukokoloka, kapena ngati njira ikulandiranso madzi a m'minda, ifupikitseni kuposa pamenepa. Palibe amene anadandaulapo kuti mitumbira yamuchulukira, kupatula woyendetsa kabaza, ndipo iyenso amakhutira ikakhala yotambalala.

Pomwe madzi akutulukira mu mtumbira uliwonse yalanipo miyala ndi kubzala vetiva, kuti madzi amwazikane. Mukapanda kutero, mwangosamutsa chigwembe kuchoka m'njira kupita m'munda. Ngati m'mbali mwa njira muli munda wa mizere yotsata akalozera, madzi a mtumbira umodzi akhoza kulowa mu swale kapena m'ngalande ya kumtunda kwa mlambala. Musawalowetse mwachindunji m'mizere ya chimanga, chifukwa mzere umodzi ukaphulika imaphulikanso yonse ya kumunsi.

Ngalande za m'mbali mwa njira zikatsetsereka kupitirira maperesenti 4 kapena 5 zimayamba kudzikumba zokha. Ikanimo timipanda ta miyala kapena ta zikhomo zolukidwa ndi nsungwi. Kampanda kalikonse kakhale kotsika pakati kuti madzi azidutsa pamenepo, kalowe m'makoma a ngalande mbali zonse, ndipo kumunsi kwake kuyalidwe miyala pomwe madzi akugwera. Pa maperesenti 10 timipandati titalikirane pafupifupi mamita 5.

Ngalande yotchinga kumtunda kwa bwalo

Ngakhale mutapatutsa madzi m'njira monse, ena adzafikabe kumapeto. Amenewa agwidwe ndi ngalande yodutsa kumtunda kwa bwalo, yowatenga kuwazungulitsa nyumba mpaka kumunsi. Ikumbidwe mamita osachepera 3 kuchokera pachipupa, ndipo malo akalola, mamita 5.

Pakhomo wamba, ngalande ya masentimita 30 kuya, masentimita 30 mulifupi pansi ndi masentimita 90 mulifupi pamwamba imakwanira. Makoma ake akhale opendekera. Ngalande ya makoma oongoka ngati bokosi imagumuka, makamaka pa mchenga. Dothi lonse liponyedwe mbali ya kunyumba, lisinjidwe, likhale mlambala. Siyani kampata ka masentimita 15 mpaka 20 pakati pa ngalande ndi mlambalawo kuti dothi lisabwerere. Ngalande yotere ya mamita 20 ndi ntchito ya anthu awiri tsiku limodzi kapena awiri, kutengera kulimba kwa nthaka.

Apa pali kusiyana komwe alimi ozolowera akalozera ayenera kukumvetsa. Kalozera ndi swale zimadulidwa pa levulo kuti madzi aime ndi kulowa pansi. Ngalande ya kumtunda kwa nyumba siyenera kusunga madzi. Madzi olowa pansi kumtunda kwa nyumba amayenda m'nthaka n'kukatulukira m'maziko, ndipo pansi pa nyumba pamayamba kuchita chinyezi ngakhale pabwalo pali pouma. Choncho ngalandeyi itsetsereke ndi masentimita 10 pa mamita 10 alionse, osapitirira masentimita 20. Podula mzere wake ndi levulo, mangani chingwe pa ndodo ya kotulukira madzi masentimita 10 pamwamba pa chizindikiro, ndipo sunthani ndodoyo mpaka kathovu kakhale pakati. Yambani kukumba kotulukira madzi kubwerera kumtunda, kuti mvula ikakupezani ntchito isanathe, madzi akhale ndi kopita.

Pomwe ngalande ikudutsa njira, ambiri amafuna kuika paipi. Ine sindilimbikitsa zimenezi pakhomo la kumudzi. Paipi yaing'ono imatsekeka ndi mapesi, mapepala a pulasitiki ndi mchenga pa mvula imodzi, ndipo imatsekeka usiku, nthawi yomwe ikufunika kwambiri. Makalavati a m'misewu amakhala a masentimita 60 kapena kuposa kuti azitheka kuyeretsa, ndipo mtengo wake si wa mlimi wamng'ono. Chabwino ndi kukumba chibeseni chosaya chopingasa njira, cha mamita awiri mulifupi ndi masentimita 15 mpaka 20 kuya pakati, n'kuyalamo miyala yaphanthiphanthi yothinana bwino. Ngolo, njinga yamoto ngakhale galimoto yodzatenga mbewu zimadutsa, ndipo chikadzaza mchenga mumachiona n'kuchipala ndi fosholo. Kumunsi kwa chibesenicho njira ikwere pang'ono isanalowe pabwalo.

Pabwalo ndi m'mbali mwa nyumba

Nthaka yozungulira nyumba itsetsereke kuchoka pachipupa mbali zonse, kuphatikizapo mbali ya kumtunda. Itsike ndi masentimita 15 pa mamita atatu oyamba. Mbali ya kumtunda zimenezi zimatanthauza kupala dothi kuti pakhale kakhwawa kosaya pakati pa nyumba ndi chitunda, kotulutsa madzi kumbali. Thirani dothi la katondo pomwe bwalo latsika ndi kulisinja. Khonde likhale lokwera ndi lozira bwino mvula isanayambe. Pomwe madzi a padenga amagwera yalanipo miyala kapena zidutswa za njerwa, chifukwa madontho a m'malata amakumba mzere m'mbali mwa maziko ndi kuthovukira pachipupa. Amene angathe aike ngalande za malata zolandira madzi a padenga ndi kuwakolola m'migolo kapena m'thanki, koma akonzenso kopita madzi osefukira, popeza mgolo umadzaza m'mphindi zochepa.

Chimbudzi chisamalidwe mwapadera. Chizungulireni ndi mlambala mbali ya kumtunda ndipo ngalande iliyonse idutse kutali nacho. Madzi akalowa m'dzenje la chimbudzi amaligwetsa kapena kusefukira ndi zonyansa kupita pabwalo ndi kuzitsime. Mliri wa kolera womwe unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira m'dziko lonse unakula kwambiri m'nyengo ya mvula yotsatira. Madzi ochokera kukhola nawonso asadutse pabwalo kapena kufupi ndi chitsime. Apatutsireni ku nthochi, komwe ndowe yake ikhala chakudya cha mbewu.

Kopititsa madzi

Madzi mwawapatutsawa ali ndi ntchito. Malo abwino owamwetsera pansi ndi kumunsi kwa nyumba, mamita osachepera 5 kuchokera pa maziko, kutali ndi chimbudzi ndi chitsime.

Vuto lomwe limaoneka kawirikawiri ndi kuchepa kwa dzenje. Dzenje la mita imodzi mbali zonse ndi mita imodzi kuya limasunga malita 1,000 okha. Mukalidzaza miyala limasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi amenewo. Njira ya chitsanzo chija inapereka malita 4,500 pa mvula imodzi. Swale ya mamita 10 mulitali, masentimita 60 mulifupi ndi masentimita 60 kuya imasunga malita 3,600. Choncho maswale awiri otere, kapena imodzi ndi maenje angapo a nthochi olumikizana, ndiwo angafanane ndi madziwo. M'mbali mwake bzalani nthochi, mapapaya, nzimbe kapena nsenjere ya ziweto. Swale iliyonse ikhale ndi potulukira madzi osefukira, poyalidwa miyala, poloza kumalo a udzu kapena kukhwawa lachilengedwe.

Musanakumbe, yesani nthaka. Kumbani kadzenje ka masentimita 30 kuya, thiranimo madzi, akaphwa thiraninso. Ngati madzi achiwiriwa aphwa m'maola ochepa, nthakayo imamwa bwino. Ngati mawa lake akadalimo, monga zimakhalira pa makande ndi m'mbali mwa madambo, maenje sathandiza. Pamenepo madzi atsogoleredwe ndi ngalande yobzalidwa udzu mpaka kukhwawa. Madzi asakhale m'dzenje kupitirira masiku awiri kapena atatu, chifukwa udzudzu umatha kuswana m'madzi oima pa sabata imodzi kapena kupitirirapo pang'ono kukamatentha.

Ena amalozetsa madzi m'nkhuti yomwe anaumbamo njerwa. Nkhuti zambiri zimakhala zakuya, za makoma oongoka, ndiponso pafupi ndi nyumba. Ana aang'ono amamira m'maenje otere. Ngati mukuigwiritsa ntchito, gumulani makoma ake akhale opendekera, ichepetseni kuya, ndipo itchingeni ndi mpanda.

Kubzala vetiva

Mlambala wa dothi lokha sukhalitsa. Bzalani vetiva pa mlambala wa ngalande yotchinga, m'mbali mwa njira, ndi potulukira madzi ponse. Dulani masamba atsale masentimita 15 mpaka 20 ndi kufupikitsa mizu, gawani ziputu kuti phando lililonse likhale ndi timitengo tiwiri kapena titatu, ndipo bzalani motalikirana masentimita 10 mpaka 15 mumzere. Bzalani mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale, ndi kubwezeretsa pomwe pafa msanga, chifukwa mpata umodzi mumzere umasonkhanitsa madzi n'kuyambitsa chigwembe. Mizu ya vetiva imalowa pansi molunjika mpaka mamita awiri kapena atatu, ndipo udzuwu sufalikira m'munda ngati kapinga. Sukula bwino pamthunzi wambiri, choncho pansi pa mitengo ya mango gwiritsani ntchito miyala. Ukakula umetedwe pa msinkhu wa masentimita 30 mpaka 50 kuti uchite mphukira zambiri ndiponso usabise njoka pafupi ndi nyumba. Pansi pa ngalande bzalanipo kapinga, osati vetiva wopingasa, kuti madzi asatsekeke.

Nthawi yogwira ntchito ndi kusamalira

Kukumba kumaphweka mukangokolola, mu Meyi mpaka Julayi, nthaka isanaume gwa. Zonse zikhale zitatha pofika Okutobala. Mvula zoyamba zimabwera ndi zinyalala zambiri, choncho yenderani ngalande zonse ikangogwa mvula yoyamba, ndiponso ikagwa mvula yamphamvu iliyonse. Palani mchenga, kwezani mitumbira yomwe ngolo zaphwasula, bwezerani miyala yosunthika. Dothi lopalidwa m'ngalande nthawi zambiri ndi la chonde, lipititseni kudimba kapena ku nthochi.

Malire a njirazi

Zonse zafotokozedwazi ndi za madzi a panjira ndi pabwalo. Sizingateteze nyumba yomangidwa m'khwawa lomwe madzi a m'phiri amadutsa, kapena m'munsi mwa phiri lotsetsereka kwambiri lomwe mitengo inatha. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula nthaka ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo zoterezi zinachitikanso ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Pamalo otere, kukumba maenje omwetsa madzi kumtunda kwa nyumba kumawonjezera ngozi chifukwa nthaka yokhuta madzi ndi imene imagumuka. Mukaona ming'alu m'nthaka kumtunda kwa nyumba, mitengo ikupendekeka, kapena akasupe atsopano akutumphuka m'mbali mwa chitunda, dziwitsani amfumu ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi, ndipo banja lichoke pamalopo mvula ikamapitirira. Chigwembe chozama kupitirira mita imodzi chimafunikanso upangiri wa mlangizi woona za kasamalidwe ka nthaka musanayambe kuchitseka.

Kwa alimi otsogolera

Madzi otuluka pakhomo limodzi amalowa pakhomo lina. Milandu yambiri ya m'nyengo ya dzinja imayamba ndi ngalande yomwe wina walozetsa kwa mnzake usiku. Musanathandize banja kudula ngalande, yendani ndi eni makomo onse a m'njira imodzi kuchokera pamwamba pa chitunda mpaka kukhwawa, amfumu alipo, ndipo mugwirizane komwe madzi a khomo lililonse atulukire. Ngati madzi ayenera kudutsa pamalo a munthu wina, mwini malo avomere poyera, ndipo mugwirizane amene azipala ngalandeyo. Makomo a kumtunda ayambe ndiwo. Pochita chionetsero, sankhani khomo lomwe aliyense amadziwa kuti madzi amavuta, makamaka la okalamba kapena la banja lopanda anthu okumba, ndipo gulu ligwire ntchitoyo limodzi. Itananinso anthu pamalopo mu Januwale mvula yamphamvu itangogwa, aone okha mchenga womwe wagwidwa pa mtumbira uliwonse ndi madzi omwe aima mu swale. Nazale ya vetiva ya gulu ikhazikitsidwe chaka chimodzi ntchito isanayambe, kudimba kapena pafupi ndi mjigo, chifukwa mzere wa mamita 50 wokha umafuna mapando 350 mpaka 500.